Zenera Linali Lobiriwira, Mazira Akupsa

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1973, m'nyumba ya lendi imene inali kuseri kwa shopu ya bambo athu, okonza mawotchi ndi mawailesi. Anali oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndaima panone ndine wachitatu, mlongo wawo, makaniko wa galimoto, ndipo abale andisankha kuti ndiwerenge mbiriyi chifukwa enawa mawu awathera m'misozi. Abusa, akuluakulu, anansi ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa, mundipirire. Dzulo alamu anga anandikokera pambali n'kundiuza kuti, “Alamu, mukawerenge mofatsa, pamaliro si pabwalo la milandu.” Ndinavomera ndi mutu, koma mtima sunavomere.

Ndinene poyambirira pomwe kuti pasakhale wodabwa. Zaka zitatu zomaliza za moyo wawo, achemwali angawa ankayenda ndi dzina limene sanabadwe nalo. Ankatchedwa Mayi Owiritsa Mazira. Ena mwa inu munalitchulapo, ndikudziwa, ndipo sindikukuimbani mlandu, munangotola zimene ena anataya. Banja lagwirizana kuti dzina limeneli lisalowe nawo m'manda, ndiponso lisatsalire mwana wawo wamkazi amene wakhala apoyo. Anthu amene angalichotse ali pano, pamipando yakutsogolo. Tifikako.

Mu 1980 malemu anayamba sukulu ya pulayimale. Akaweruka sankapita kosewera ngati ife. Ankakhala pakampando m'shopu muja n'kumayang'ana bambo atavala kagalasi ka diso limodzi, akutola timawilo ndi kachitsulo kopanira. Tsiku lina bambo atatuluka, iwo anatsegula kumbuyo kwa wotchi ya kasitomala kuti aone chimene chimagunda m'katimo. Tonse tinadikira mkwapulo. Bambo anangoyang'ana timasipuling'i tili mbwee patebulo n'kunena kuti, “Wachita bwino. Wotchi saikonza poyang'ana manambala, amaikonza potsegula kumbuyo. Tsopano ibwezeretse.” Inawatengera masiku, koma wotchiyo inayendanso, ndipo mwini wake sanadziwe kanthu.

Anasankhidwa kupita ku sekondale mu 1987, ndipo mu 1992 analowa yunivesite kukaphunzira zamakompyuta. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi C. Kwa anzanga amene timagwira masipanala, C ndi chiyankhulo chimene anthu amalembera malamulo oti makina azitsatira. Dzina lake ndi chilembo chimodzi basi, koma chinawadyera achemwali tsitsi la patsogolo. Iwo ankati, “C sakufunsa ngati watsimikiza. Ukamuuza kuti alumphire m'chitsime, amalumphira, n'kukukokera iwe pambuyo.” Masiku amenewo kompyuta inali sikirini yakuda ya zilembo zoyera. Pulogalamu ikafa, sinkanena pamene yafera. Ndiye ankailembera timawu m'njira monse kuti izinena yokha kuti “ndafika apa”, “ndafikanso apa”, ndipo pamene yasiya kunena ndi pamene ankakumba. Atatifotokozera zimenezi patchuthi, ife sitinachedwe. Akangolowa pakhomo, nyumba yonse inkayankha kuti, “Ndafika apa.” Mpaka chaka chino, akandiimbira foni ali pageti la galaja yanga, mawu awo oyamba anali amenewo.

Atamaliza maphunziro mu 1996, anayamba ntchito pakampani yopanga mamita a magetsi. Mu 2000 anamanga banja ndi alamu angawa, aphunzitsi a zaulimi, amene anabwera kudzapempha kuti awakonzere kompyuta ya pasukulu. Kompyutayo inawonongeka kanayi m'mwezi umodzi, ndipo malemu ankati ulendo wachitatu anapeza kuti aphunzitsiwo anangozula waya dala. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, wamkazi mu 2002 ndi wamwamuna mu 2006.

Mu 2009 anasamukira kukampani yopanga makina ofungatira mazira a nkhuku, kumene anakhala mkulu wa olemba mapulogalamu. Makina amenewa ndi kabati yotentha imene mlimi amaikamo mazira kuti aswe anapiye popanda thadzi. M'kati mwake muli kabolodi kakang'ono ngati chikhatho, ndipo pulogalamu ya C imene ili m'kabolodiko ndi imene imayeza kutentha, kuyatsa ndi kuzimitsa chotenthetsera, komanso kutembenuza mazira. Ofesi yawo ndinafikamo kambiri. Inali pamwamba pa malo owotcherera, chipinda cha madesiki anayi, fani yolira, mawaya ali lendelende ngati zingwe zoyanikira zovala, ndipo pakona panali makina oyeserera odzaza ndi mazira enieni. Desiki yoyandikana ndi yawo inali ya a Chipewa, amene tonse timawadziwa ndi dzina limeneli chifukwa chipewa sichichoka kumutu kwawo ngakhale kutenthe bwanji.

Malemu ankamva chisoni kuona anzawo akusakasaka zolakwika mumdima. Choncho mu 2012 anapanga chida chawo. Inali pulogalamu yoonera m'kati mwa pulogalamu inzake. Ukalumikiza chingwe kuchokera pakompyuta kupita pakabolodi kaja, zonse zinkaoneka pasikirini ngati chithunzi. Kumanzere kunali mizere ya C. Ukadina pambali pa mzere, pankabwera kadontho kofiira, ndipo makina akafika pamenepo ankaima chilili kudikira iwe. Kenako unkawayendetsa mzere umodzi umodzi ngati mwana wophunzira kuyenda. Kumanja kunali timabokosi, kalikonse kosunga nambala yake, ndi mivi yosonyeza kuti kabokosi aka kakuloza kati. Muvi ukaloza pamene palibe kanthu, unkafiira. Anzawo anachitcha chidacho Zenera, poti ankasuzumirirapo. Chimene chinkawatengera sabata chinayamba kuwatengera m'mawa umodzi. Ine osadziwa C ndinaimirira kumbuyo kwawo tsiku lina n'kuona muvi ukusochera ndi maso angawa, ndipo ndinanyadira kuti ndinayamwa bere limodzi ndi munthu ameneyu.

Mu 2018 kunabwera a manejala atsopano. Iwo C sankaidziwa, ndipo limenelo si tchimo, nanenso sindiidziwa. Anakwera m'chipinda muja, anaona mivi ndi timabokosi, n'kunena kuti, “Mayi, zonsezi n'zanu. Ndiikireni kanthu koti nanenso ndikalowa ndiziona ngati zinthu zili bwino.” Malemu, mwa ulemu wawo, anaika kamzere pamwamba pa Zenera. Mayeso onse akadutsa kankabiriwira, amodzi akalephera kankafiira. Kuyambira tsiku limenelo a manejala anasiya kufunsa anthu. Ankangosuzumira pakhomo, kuona kamzere, n'kutsika masitepe akuimba mluzu. Achemwali anandiuza kangapo kuti pa zonse zimene manja awo anapanga, kamzere kameneka ndi kamene ankanong'oneza nako bondo.

Tsopano tafika mu 2021, ndipo pano mumvetsere. Kampani inapanga makina atsopano, akuluakulu, ndipo alimi ambiri anali ataitanitsa kale. Lolemba lina m'mawa malemu analowa mu ofesi n'kumva fungo. Makina oyeserera, amene anatsala akuyenda okha kumapeto a sabata opanda chingwe, anali otentha ngati uvuni, mazira onse atapsa. Analumikiza chingwe, anayatsanso, anatsegula Zenera. Zonse zinayenda bwinobwino, kamzere kali biriwiri. Anabwereza, anabwerezanso, chimodzimodzi. Akachotsa chingwe, makina ankatha masiku ali bwino kenako n'kupenga. Akalumikiza, ankakhala ngati mwana wa abusa.

Tsiku lina anabwera kugalaja kwanga nkhope ili gwa. Nditamva, ndinati, “Achemwali, zimenezo ndimaziona. Galimoto imagogoda mwezi wathunthu, koma ikangofika kwa makaniko imakhala chete.” Iwo anati, “Ndi zomwezo. Zenera likamayang'ana, pulogalamu imayenda pang'onopang'ono, ndiye cholakwikacho chimabisala. Diso langa lomwe ndi limene likuchibisa.”

M'mawa mwake anakhala pansi anthu atatu: malemu, a manejala ndi a Chipewa. Malemu anati, “Bwana, makinawa asatuluke. Muli wakuba m'katimu, koma akandiona amakhala ngati mlendo waulemu. Ndipatseni nthawi ndimugwire.” A manejala analoza pasikirini n'kunena kuti, “Mayi, Zenerali munapanga ndinu, ndipo likuti zobiriwira. Ndiye ndimvere inu kapena ndimvere mwana wanu?” Malemu anati, “Zenera limaona pokhapokha ndalumikiza chingwe. Kwa mlimi kulibe chingwe.” A manejala anaimirira n'kunena kuti, “Alimi akufuna makina, safuna nthano.” Makina anatuluka sabata yomweyo. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma apa wotsina khutu anasanduka mdani.

Sipanapite mwezi, mafoni anayamba kulira. Alimi ankatsegula makabati n'kupeza anapiye atapsera m'zikamba, ena atatsala pang'ono kuswa. Panali mayi wina wamasiye amene anaikamo mazira a khola lake lonse. Anthu anakwiya, ndipo anayenera kukwiya. Apo kampani inafuna mutu woti ipereke. Anaitanitsa msonkhano wa akuluakulu, anaonetsa chithunzi cha Zenera kamzere kali kobiriwira, n'kunena kuti chida cha mayiwa chinanamiza kampani. Taganizani. Munthu amene anati musakhulupirire kamzereka ndi amene anaimbidwa mlandu wa kamzereko. Malemu atakumbutsa za kukambirana kuja, a manejala anati sakukumbuka. Palibe chimene chinalembedwa, poti anali anthu ogwirira ntchito limodzi, okhulupirirana pakamwa. Anafunsa a Chipewa, ndipo iwo anayang'ana pansi n'kunena kuti, “Sindikukumbuka bwinobwino.” Pa 30 Novembala 2021 achemwali anga anatsika masitepe aja komaliza, atanyamula kapu yawo ya tiyi ndi chithunzi cha ana. Zenera linatsala, ndipo mpaka lero akuligwiritsa ntchito.

Ine ndinafuna kupita kwa a Chipewa ndi sipanala yaikulu, sindibisa. Malemu anandigwira mkono n'kunena kuti, “Achimwene, asiyeni. Ali ndi ana asukulu, ndipo mantha si nkhanza.” Mtima umenewo ine ndilibe, unathera kwa iwo.

Kampani inauza alimi kuti wolakwa wachotsedwa. Nkhani yotere siyenda ndi miyendo. Tsiku lina ali pamsika ndi mwana wawo wamwamuna, mayi wamasiye uja anawazindikira, anatola dzira patebulo la wogulitsa n'kuwaika m'manja pamaso pa anthu, amvekere, “Nali lina, kawiritseni.” Anthu anaseka. Malemu analipira dziralo, anafika nalo kunyumba losasweka, ndipo dzina lija linayambira pamenepo. Anafunsira ntchito m'malo angapo, koma olemba mapulogalamu a makina ndi ochepa ndipo amadziwana onse. Chimene chinawalasa kwambiri si chimenecho. Mwana wawo wamkaziyu anatsata mapazi a mayi ake, akuphunzira C yomweyo ku yunivesite. Chaka chatha anapita kukapempha malo ophunzirira ntchito, ndipo wofunsa mafunso ataona dzina la kholo anamwetulira n'kunena kuti, “Kodi ndiwe mwana wa Owiritsa Mazira? Kuno tilibe mazira, koma tili ndi zina zoti zingapse.” Mwanayu anabwera kwa ine akulira, n'kundifunsa kuti, “Amalume, kodi ndisinthe dzina kapena ndisinthe maphunziro?” Mwana wa munthu wosalakwa kufunsa funso limenelo. Ndikamalikumbukira magazi amandiwira.

Wina akanataya zonse n'kuyamba geni. Malemu ayi. Mu 2022 anapita kwa mayi wamasiye yemwe uja, wa dzira uja, n'kuwapempha makina awo akufawo. Anawaika patebulo lodyera, ndipo banja linadyera pamiyendo miyezi ingapo. Alamu anga akadandaula, iwo ankati, “Abambo, kuona maso a nkhono n'kudekha.” Anaganiza kuti ngati wakubayo amaopa diso, ndiye amuikire khutu. Analemba Zenera latsopano, losaimitsa makina ndiponso losawachedwetsa. Linkangosunga mwakachetechete zimene zikuchitika, ndipo pambuyo pake linkazijambula pasikirini ngati mizere iwiri yoyenda moyandikana. Masana ena anandiimbira foni, amvekere, “Ndafika apa. Bwerani mudzaone.”

Ndinapita ndi girisi m'manja. Anandionetsa pamene mizere iwiri ija inagundana. Mbali imodzi ya pulogalamu inkayeza kutentha, ina inkamvera mabatani a mlimi, ndipo zonse ziwiri zinkalemba m'kabokosi kamodzi. Nthawi zambiri zinkasinthana bwino. Koma mwa apo ndi apo zinkafika pamodzi, ngati anthu awiri olowa pakhomo limodzi, nambala n'kusokonekera, makina n'kumaganiza kuti mazira akuzizidwa. Ndiye ankawotcha osaleka. Kukonza kwake inali mizere yochepa ya C, yotseka chitseko kuti wina adikire mnzake. Chinkafunika ndi nthawi yokha, imene anapempha ija, imene anakanizidwa. M'makina a patebulo aja munaswa anapiye, ndipo malemu anawanyamula m'katoni kukapereka kwa mayi wamasiye. Mayiwo ali pano, akhala kumbuyoko, ndipo ndi amene akhala akuphikira anthu chiyambire malirowa.

Ine ndinati mankhwalawo, mizere yokonzera ija, awasunge mpaka kampani itagwada. Iwo anati, “Achimwene, pamene ife tikukokanakokana, anapiye a anthu akupsa.” Anaitana a Chipewa, anawapatsa mizere ija ndi Zenera latsopanolo kuti apite nazo. Mwezi wotsatira kampani inalengeza kuti akatswiri ake, atagwira ntchito molimbika, athetsa vutolo. Dzina la malemu silinatchulidwe. Kupepesa kunalibe, ngakhale foni yokha. Mankhwala anawalandira ndi manja awiri, sing'anga n'kumusiya panja ndi dzina lake loipa lija.

Matenda a kuthamanga kwa magazi anawayamba chaka chomwe anachotsedwa ntchito. Mu 2023 impso zinayamba kufooka, ndipo anakhala akupita kuchipatala pafupipafupi. Sindine dokotala, sindinena kuti chinawapha n'chakuti. Ndingonena zimene ndinaona: munthu amene ankaseka mpaka kugwira khoma anasanduka woyenda m'mbali mwa msewu, mutu uli zyoli. Mwezi watha anagonekedwa. Ndili pambali pa bedi lawo anandiuza kuti, “Za ine zilibe kanthu, ndatopa. Koma mwanayu asasinthe dzina.” Lachiwiri lapitali, pa 12 Novembala 2024, dzuwa litangopendeka, anatisiya ali ndi zaka 51.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, mayi athu okalamba amene lero akuika mwana wawo woyamba, mng'ono wawo mmodzi ndi alongo awo awiri. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, a mpingo, aphunzitsi anzawo a alamu anga, anansi amene atibwereka mipando ndi matenti, anyamata a kugalaja amene atseka ntchito kuti athamangethamange nafe, ndiponso alimi amene abwera okha osaitanidwa. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Tikuthokozanso kampani. Yatumiza basi yonyamula anthu, ndi nkhata ya maluwa yaikulu kuposa zonse, imene yaphimba nkhata ya mayi athu. Yapemphanso kuti a manejala ayankhule ndikangomaliza ine. Bwana, mwayi umenewo tikupatsani. Koma achemwali anandiphunzitsa kanthu kamodzi pantchito yawo, ndipo ndinakagwira. Lero chingwe n'cholumikiza. Anthu onsewa akukuyang'anani, ndiye zonse n'zobiriwira: basi, maluwa, suti yakuda, ndi mawu okoma amene ali m'thumba lanulo onena kuti malemu anali mzati wa kampani. Ife za lero sitikuzifuna. Tikufuna za m'mawa uja, m'chipinda cha madesiki anayi, mmene munalibe wokuyang'anani. Sitikupempha chipukutamisozi, sitikupempha kuti wina achotsedwe ntchito. Tikupempha mawu awiri okha, pamaso pa alimi awa ndi pamaso pa mwana uyu: “Mayiwa anatichenjeza.” Mukatero, muwerenge zonse zimene mwalemba, tidzamvetsera mwaulemu. Mlandu suola, bwana, ndipo bokosili silinyamuka mawu amenewa asanamveke.

Ndidikira. Makaniko amadziwa kudikira kuti injini izizire.

Abale, mukuona nokha. A manejala apeza kanthu kofunika kwambiri mufoni mwawo. Alamu, musandikoke jekete, ndatsala pang'ono.

Koma taonani uko. A Chipewa aimirira, chipewa chili m'manja. Apatseni njira. Bambo, ndikudziwa kuti Lolemba mukuyenera kukwera masitepe omwe aja, ndipo ana anu akadali pasukulu. Ndakhala ndikukusungirani mawu oipa zaka zitatu, ndipo malemu ankandiletsa kuwatulutsa. Zikuoneka kuti ankakudziwani kuposa ine. Bwerani, musathamange.

Iwe mwana wa achemwali, pukuta misozi, dzutsa mutu, umve ndi makutu ako. Dzina susintha.

Achemwali, ntchito munaimaliza, ndipo wakuba munamugwira. Mwafika apo tsopano, pumulani. Mzimu wanu uuse mumtendere.

A Chipewa, maikolofoni nayi.